Kulondola bilu ya ochita lendi mpaka ku Indianapolis

Lolemba, pa msewu wa US 31

Ndanyamuka ku South Bend dzuwa litakwera kale, podikira kuti magalimoto okankha chipale ndi kuthira mchere mumsewu ayambe adutsa. Usiku wonse kwagwa chipale chofewa chija chimabwera ndi mphepo ya ku nyanja ya Michigan. Ndaweruka ntchito ya usiku maso ali psuu, tulo ndangolawa, ndipo mpaka ku Plymouth manja anali atakanirira pachiwongolero. Ndimaopa kuyendetsa pa ayezi. Thiraki ikamakupitirira imakuwaza matope a mchere pagalasi, kwa kamphindi osaona kanthu kalikonse.

Ulendowu ndi wa ku Indianapolis, likulu la chigawo cha Indiana kuno ku America, mamailosi pafupifupi 150, ndipo ndikulondola bilu. Chaka chatha hita ya m'nyumba yomwe ndimachita lendi inafa pakati pa dzinja la kuno, alandilodi n'kumangoti mawa, mawa. Nditapita kwa maloya othandiza anthu mwaulere, mayi wina anandiuza mosapsatira kuti ku Indiana wochita lendi saloledwa kugwira ndalama ya lendi podikira kuti mwini nyumba akonze zowonongeka. Lamulo limanena ndithu kuti nyumba izikhala ndi chotenthetsera ndi madzi, koma landilodi akanyozera, njira yako ndi khoti basi, ndipo ukangosiya kulipira wopitikitsidwa ndi iwe. M'zigawo zina zambiri za dziko lino si mmene zilili. Ndinafunsa kuti analemba lamuloli ndani. Anati si a ku Washington, si khonsolo ya mzinda wathu. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo za lendi, za layisensi ya galimoto, za sukulu, za ukwati, zambiri zimaphikidwa kumeneko. Chaka chino phungu wina wabweretsa bilu yoti wochita lendi azitha kukasungitsa ndalama ya lendi ku khoti mpaka nyumba itakonzedwa. Nambala yake ndinailemba pakapepala komwe ndamata pafupi ndi chiwongolero.

Ku Rochester madzi otsukira galasi anandithera. Ndinaima pa filing'i siteshoni ndikulimbana ndi boneti yomwe inali itagwirana ndi ayezi, ndipo bambo wina wachikulire, mlimi mwa maonekedwe ake, anatsika mu pikapu yake, anatsegula, n'kuthira chigubu chake chonse. Ndalama anakana. Anangoti, “Mayi, muziyenda kumbuyo kwa galimoto ya mchere, musaipitirire.” Khofi analemba $1.89, pakauntala ndinalipira $2.02. Masenti owonjezerawo ndi msonkho wa 7 peresenti womwe aphungu omwewa anaukweza kuchoka pa 6 mu 2008. Ngakhale foni yanga ili pa kachogwirira m'malo mokhala m'manja chifukwa cha lamulo lawo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2020. Msewu wonse ndayenda ndikuwerenga zinthu zotere.

Kupitirira Peru chipale chinatha, kunangotsala minda yathyathyathya ya mapesi a chimanga mpaka kumene maso alekezera. Ku Kokomo ndinadya sangweji ya nyama ya nkhumba yomwe anthu a ku Indiana amainyadira, yosinjidwa mpaka kupyapyala, yokazinga, yaikulu kuposa bani yake kuwirikiza. $11. Theka ndalikulunga. Ndafika kwa achemwali amene tinkagwira nawo ntchito kale kutada, andiyalira pa sofa.

Lachiwiri, Statehouse, nyumba ya boma la chigawo

Koimika galimoto pakati pa tawuni andidula $18. Zandiwawa, ndipo mawa ndikwera basi.

Pakhomo ndinkayembekeza mafunso. Ndinali nditanyamula mapepala anga onse m'chikwama, mtima ukugunda, koma mlonda anangoti ndiike chikwamacho pa makina, ndidutse pa chitseko chounika zitsulo, basi. Sanafunse kuti ndine nzika kapena ayi, kapena kuti ndabwera kwa yani. Nditamuonetsa kapepala kanga anandilozera chikepe n'kundiuza kuti malo a anthu oonerera ali pamwamba penipeni. Nyumbayi inamalizidwa mu 1888 ndi miyala ya kummwera kwa Indiana komweko, ndipo bwanamkubwa, aphungu ndi khoti lalikulu la chigawo onse ali pansi pa denga limodzi.

Nyumba za malamulo ndi ziwiri. House ili ndi aphungu 100 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, Senate ili ndi maseneta 50 okhala zaka zinayi. Sakhala kuno chaka chonse. Ambiri ali ndi ntchito zawo, ena ndi alimi, ena maloya, ena amalonda, ndipo amakumana kuyambira Januwale. M'chaka chopanga bajeti ngati chino ayenera kutseka pofika pa 29 Epulo, chaka chinacho pofika pa 14 Malichi. Izi zokha zandifotokozera chifukwa chake aliyense m'makondemu akuyenda chothamanga.

Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, amene anati amabwera kawirikawiri nyumba ikatsegulidwa. Ataona kuti ndasokonezeka ndi liwiro la kalaliki, anasendera n'kuyamba kundinong'oneza. Bilu iliyonse imawerengedwa katatu m'nyumba iliyonse. Kuwerenga koyamba ndi kungotchula mutu n'kuitumiza ku komiti. Ikatuluka ku komiti imabwera kuwerenga kwachiwiri, pomwe phungu aliyense angapemphe kusintha mawu ena. Kwachitatu ndiye mtsutso ndi voti. Pakhoma pali chikwangwani cha magetsi cha mayina onse. Wovomera dzina lake limayaka mobiriwira, wokana mofiira. Kuti bilu idutse ku House pamafunika mavoti 51, osati kungoposa theka la amene alipo tsikulo, ndipo ku Senate 26. Ikadutsa imawolokera ku nyumba inayo kukayambiranso pachiyambi.

Ndinafunsa ngati voti imodzi inasinthapo kanthu. Anandifunsa ngati ndimasintha wotchi mu Malichi ndi mu Novembala. Mpaka 2005 dera lalikulu la Indiana silinkasintha nthawi, ndipo bilu yobweretsa zimenezi inadutsa ku House ndi mavoti 51 enieniwo, okana 46. Mmodzi akanabwerera m'mbuyo, bwenzi mashifiti athu a usiku wosinthira nthawi uja asakutalika kapena kufupika ndi ola.

Kenako anandisimbira za 1897, ndipo iyi ndaikonda kwambiri. Dokotala wina, Edward Goodwin, anakopa phungu wa kwawo kuti abweretse bilu yovomereza masamu ake olakwika, omwe akanapangitsa pi, nambala yowerengera masamu a zozungulira yomwe ndi pafupifupi 3.14, kukhala 3.2. House inaivomereza 67 kwa 0. Zinangochitika kuti pulofesa wa masamu wa ku yunivesite ya Purdue, Clarence Waldo, anali m'nyumba muno pa nkhani ina, anamva zomwe zinkakambidwa, n'kukhala pansi ndi maseneta kuwafotokozera. Senate inaiika pambali, osaibwereranso. Anthu amaisimba moseka, koma ine yandikhudza mwina. Aphungu 67 aja sanali oipa mtima. Ankavota pa chinthu chomwe sankachidziwa, ndipo wochidziwa anapezeka m'khonde. Za hita yakufa mu Januwale, wodziwa ndi ife.

Bilu yanga sinatchulidwe n'komwe. Mayi aja anaiyang'ana pa foni yawo n'kunena kuti idakali ku komiti, ndipo ngati ndikufuna kuona komwe malamulo amapangidwira ndisadzakwerenso pamwamba, nditsike pansi.

Lachitatu, chipinda cha komiti

Basi inachedwa, ndipo ndinaima pa siteji mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Mtsikana wina wa yunifomu ya kuchipatala anandipatsa timapaketi tofunditsa manja tomwe amaika m'magolovesi. Ndinalowa m'nyumbamo zala zikumvekanso.

Zipinda zingapo za makomiti a House zili pansi, zadenga lotsika, mipando yothithikana. Ndinasankha komiti yomwe inali ndi bilu ina yokhudza nyumba, kuti ndione mmene zimayendera. Ofuna kulankhula amalemba fomu: dzina, amene akumuimira, ndiponso ngati akuvomereza, akukana kapena ali pakati. Mwini bilu amaima koyamba n'kuifotokoza, aphungu amamufunsa, kenako wapampando amaitana mayina. Aliyense anapatsidwa mphindi zochepa.

Apa ndiye ndaona kusiyana kwa anthu. Mizere yakutsogolo inadzaza ndi amasuti, anthu olembedwa ntchito ndi makampani ndi mabungwe kuti azikhala m'nyumba muno tsiku ndi tsiku kunyengerera aphungu. Kuno amawatcha ma lobbyist. Amadziwana ndi aphungu ndi mayina, amadziwa tsamba ndi mzere womwe akufuna usinthidwe, ndipo akaima amanena zinthu zitatu n'kukhala pansi. Sindikuwada, ena mwa iwo amaimira mabungwe othandiza osauka, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Koma kumbuyo kunali bambo wina wovala jekete ya kuntchito, yemwe anatiuza tili pamzere kuti wataya malipiro a tsiku kuti abwere. Dzina lake linaitanidwa nthawi itatha kale, ndipo wapampando anapempha kuti afupikitse. Mawu ankanjenjemera. Anasimba za denga lodontha pa bedi la mwana wake, ndipo ndinaona aphungu awiri amene ankayang'ana mafoni akudzutsa mitu. Mmodzi anamufunsa funso, ndipo funsolo linabala lina. Sindikunena kuti bamboyo anatembenuza komiti. Ndikunena kuti m'chipinda chaching'ono chotere munthu wamba amamveka, pomwe m'holo yaikulu ya dzulo woonerera saloledwa kutsegula pakamwa.

Ndinatenga kope ya biluyo pa tebulo, ndipo mnyamata wina wophunzira ntchito m'nyumbamo anandiphunzitsa kuiwerenga. Patsogolo pali chidule cha m'Chingerezi chosavuta. M'kati, mawu atsopano amawalemba mokhuthala, ochotsedwa amawadula ndi mzere pakati, ndiye suyenera kuwerenga zonse, umangosaka pomwe pakhudzidwa. Mabilu a House amayambira pa nambala 1001, ndipo m'chaka cha bajeti HB 1001 ndiye bajetiyo. A Senate amayambira pa 1. Amalemba ndi maloya a ofesi yotchedwa Legislative Services Agency, yomwe siikhala mbali ya chipani chilichonse, ndipo ofesi yomweyo imawerengera kuti biluyo idzadya ndalama zingati za boma. Ikakhala yodya zambiri, imakadutsanso ku komiti ya zachuma. Zonsezi zili pa tsamba la iga.in.gov: ukalemba nambala umaona mawu a bilu, zosintha zonse, amene anavota mwakuti, ndi vidiyo ya komiti, yapompopompo kapena yakale. Ukalemba adiresi yako limakuuza phungu ndi seneta wako.

Komano chomwe chandilemera pamtima ndi ichi. Woganiza kuti bilu imvedwe kapena ayi ndi wapampando wa komiti. Akapanda kuiika pa ndandanda, palibe umboni, palibe voti, palibe dzina loyaka mofiira loti ukalifunse. Pali tsiku lomaliza loti makomiti atulutse mabilu a nyumba yawo, ndipo m'chaka ngati chino limafika Febuluwale asanathe. Bilu yomwe sinamvedwe pofika tsikulo yafa, mwakachetechete ngati mbande yoiwalika pa nazale. M'zaka za bajeti zaposachedwapa mabilu obwera amaposa 1,000, okhala malamulo osafika 300, ndipo ambiri mwa otsalawo amathera pamenepa. Ndikumvetsa kuti miyezi inayi singakwane kumva zonse, wina ayenera kusankha. Koma ndikuona kuti mphamvu imeneyi ndi yaikulu kwambiri kuti ikhale m'manja mwa munthu mmodzi popanda kufotokoza chifukwa. Ndiponso ndandanda wa komiti umatuluka kutatsala nthawi yochepa. Wamasuti uja ali kale m'khonde. Ine ndiyenera kupeza wondigwirira shifiti, mafuta, ndi maola awiri ndi theka a msewu.

Nkhomaliro ndadya theka la sangweji ya ku Kokomo lija, nditakhala pa benchi ya mwala. Miyendo ikuwawa. Achemwali atandiona madzulo anangoti, “Kuona maso a nkhono n'kudekha, amwali,” n'kunditenthetsera supu.

Lachinayi, m'khonde la pakati pa nyumba ziwiri

Kumbuyo kwa holo iliyonse kuli mawindo agalasi, ndipo anthu amaunjikana pamenepo kuonerera aphungu ali m'kati. Ndinalemba kakalata kopempha phungu wa dera lathu kuti atuluke, mlonda wa pakhomo n'kukalowetsa. Ndinadikira nthawi yaitali ndithu, ndikubwereza mumtima zoti ndinene, ndikuopa kuti Chingerezi chindithawa. Anatuluka wothandizira wake, mtsikana waulemu, kenako phunguyo anabwera kwa kanthawi pakati pa mavoti. Anandifunsa msewu womwe ndimakhala, anamvetsera, ndipo sanandilonjeze za kumwamba. Anati iye sali mu komiti imeneyo, koma alankhula ndi wapampando, ndipo chothandiza kwambiri ndi makalata ochokera kwa anthu a m'dera la wapampandoyo. Wothandizira uja anawonjezera kuti mafoni ndi maimelo amawawerenga n'kuwalemba pa nambala ya bilu, ndiye polemba uyambe ndi nambalayo, unene komwe umakhala, usimbe nkhani yako m'mizere yochepa. Kalata yolemba wekha imalemera kuposa yokopera yomwe anthu mazana atumiza yofanana.

Mayi wina wa bungwe loona za nyumba, amene anamva tikukambirana, ananditengera pambali n'kundiuza kuti ndisasiye kuyang'ana ngakhale bilu itafa. Mawu a bilu amatha kusamuka. Nyumba yachiwiri ikasintha bilu, yoyamba imavomera kapena kukana, ndipo ikakana pamakhala kakomiti ka anthu anayi, awiri a House, awiri a Senate, koyanjanitsa. M'masiku otsiriza amenewo zinthu zimalowa ndi kutuluka mofulumira. Anandikumbutsa za 2020. Mzinda wa Indianapolis unali utangokhazikitsa malamulo ake oteteza ochita lendi, ndipo kumapeto kwa zokambirana za chaka chimenecho mawu oletsa mizinda kulamulira za pakati pa landilodi ndi wochita lendi analowa mu SB 148, bilu ya Senate yomwe poyamba inkakamba zina. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Eric Holcomb, anaikana biluyo. Mu Febuluwale 2021 aphungu anaidutsitsa ngakhale iye anakana.

Ndinadabwa kuti zinatheka bwanji mosavuta chonchi. Bilu ikafika pa tebulo la bwanamkubwa amakhala ndi masiku 7: asayine, akane, kapena angoisiya ikhale lamulo popanda siginecha yake. Koma ku Indiana kugonjetsa kukana kwake sikufuna magawo awiri mwa atatu ngati ku Washington. Mavoti omwe aja, 51 ndi 26, akwanira. Ndipo kuyambira chisankho cha 2012 chipani cha Republican chili ndi mipando yoposa magawo awiri mwa atatu m'nyumba zonse ziwiri, kotero apampando onse a makomiti ndi a chipani chimodzi. Wofuna kuti bilu yake iyende ayenera kupeza bwenzi kumeneko, kaya iye amavotera ndani. Ndinkaganiza zolembera bwanamkubwa. Tsopano ndaona kuti kalata imeneyo ndi yomalizira, osati yoyambira.

Madzulo ndagula chidutswa cha payi ya shuga ndi kirimu, $5, chifukwa mayi wa bungwe uja anati sindingachoke osalawa. Yotsekemera kwambiri, ndagawana ndi ana a achemwali.

Lachisanu, Plymouth

Msewu wauma lero, ndayendetsa mtima uli m'malo. Ndaima pano kuti ndithire mafuta ndi kutambasula msana, ndipo ndatsegula tsamba lija pa foni: bilu idakali pomwe inali, ku komiti, yopanda tsiku.

Ku Indiana nzika sizingasonkhanitse masiginecha n'kuika lamulo pa voti ya anthu onse monga amachitira ku Michigan ndi ku Ohio, oyandikana nafe. Khomo ndi lomweli la aphungu. Bilu ikadutsa zonse, nthawi zambiri imayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi. Ikafa, pali makomiti ofufuza omwe amakumana m'chilimwe, ndipo nkhani ikakambidwa kumeneko imabweranso Januwale wotsatira ili ndi mphamvu. Ndamvanso kuti m'matawuni ambiri muli misonkhano yotchedwa Third House, pomwe aphungu akabwerera kwawo kumapeto kwa sabata amakhala pamaso pa anthu n'kuyankha mafunso. Imeneyo siifuna $18 ya koimika galimoto.

Ndaimbira anzanga awiri a kuntchito omwe nawonso amachita lendi. Tagwirizana kuti wina aziyang'ana ndandanda wa komiti m'mawa akamaweruka, wina madzulo asanalowe, ndipo tsiku likangotuluka tisinthana mashifiti kuti mmodzi wa ife akaime kutsogolo kuja. Wachiwiriyo ali ndi mlamu wake amene amakhala m'dera la wapampando, ndipo wati amuimbira usiku uno kuti alembe kalata yake, nambala ya bilu ili pamzere woyamba.